Mzera wa Cikasu Umene Sunafike ku Livingstone

Mphunzitsi amene atengera ana ace ku nyumba yosungiramo zakale za njanji ku Livingstone, m'mashedi akale a kampani ya Zambezi Sawmills, acita bwino kuwaimika pambali pa injini imodzi ndi kuwauza kuti aiwerenge monga awerengera buku. Pakuti injini ya nthunzi iri ndi zolembedwa pathupi pace: nambala yace, ndi pa zina kambale ka citsulo kochula amisiri amene anaipanga, mudzi wao ndi caka. Koma pali cizindikiro cimodzi cimene anawo sadzacipeza, ndico mzera wa cikasu wodutsa mopendekeka pa kanyumba ka woyendetsa. Kusowa kwa mzera umenewu kuli ndi mbiri yace, ndipo mbiriyo iyambira kutali, ku England.

M'caka ca 1960 a British Railways anayamba kuyendetsa sitima za magetsi pakati pa Manchester ndi Crewe, nalinga kufikitsa nthambo ku London. Sitima yotere sinyamula moto wace. Itenga mphamvu ku nthambo yopacikidwa pamwamba pa njanji, ndipo m'nthamboyo muyenda magetsi a mavolti 25,000, ndiko kuposa ka 100 magetsi ounikira m'nyumba. Magetsi otere sadikira kuti munthu akhudze nthambo. Citsulo kapena dzanja likayandikira, alumpha monga mphezi.

Tsono injini za nthunzi zinali kuyendabe pa njanji yomweyo, ndipo amene anali pangozi koposa ndiye wosonkha moto. Nchito yace kuyambira kale inali yokwera pamwamba: kukwera pa ngolo ya malasha kukakokera malasha pafupi ndi fosholo, kutsegula cibvundikiro pothira madzi, ndi kutukula zitsulo zazitali zotakasira moto. Cizolowezi ca zaka zambiri cinasanduka msampha. Cifukwa cace anakhomera pa mainjini timbale toyera tokhala ndi cithunzi cofiira ca mphezi, pamalo pamene munthu angayambire kukwera, kuti akumbukire za imfa iri pamutu pace.

Koma timbaleto sitinakwanire. Kumwera kwa Crewe malo pakati pa nthambo ndi injini anali ocepa, makamaka pansi pa maulalo ndi m'ngalande zoboola mapiri, ndipo mainjini ena anali atali msinkhu. Cotero kuyambira pa 1 September 1964 mainjini otere analetsedwa kupitirira Crewe kulowa kumwera, ndipo pa kanyumba ka woyendetsa, mbali zonse ziwiri, anapakapo mzera waukuru wa cikasu wocokera ngondya ya kumwamba kufikira ya kunsi. Mzerawo unalibe mau. Wanchito ali yense, pouona patali, anadziwa kuti injini iyi siyenera kulowa pansi pa nthambozo.

Mzerawo unagwera mitundu yochuka, monga Coronation, Royal Scot ndi Jubilee. Mainjini a Coronation, amene anapangidwa 38, ndiwo anali kukoka sitima zothamanga pakati pa London ndi Glasgow. Powatsekera njira ya ku London anawalanda nchito imene anabadwira, ndipo caka ca 1964 cisanathe otsala onse anaimitsidwa. Atatu okha ndiwo anapulumuka kuphwanyidwa. Mu April 1966 sitima za magetsi zinayamba ulendo wa tsiku ndi tsiku kufika ku London, ndipo mu August 1968 nthunzi inatha pa njanji zazikuru za British Railways. Mzera wopakidwa kuchinjiriza moyo wa munthu unakhalanso cizindikiro cakuti masiku a injiniyo awerengeka.

Nanga ku Livingstone zinayenda bwanji? Njanji yocokera ku Bulawayo inafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1904, ndipo ulalo wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 1905. Mu 1906 njanji inali itafika ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ndipo mu 1909 inafika kumalire a Congo. Moto wa mainjini unacokera ku migodi ya malasha ya Wankie, lero Hwange, imene iri pa njanji yomweyo tsidya la kumwera. Pambali pa njanji yaikuruyo, a Zambezi Sawmills anamanga yao kulowa m'nkhalango za mkusi kufikira ku Mulobezi, mtunda wa mailosi ngati 100. Iwo anali kugula mainjini okalamba amene ena anatopa nao, nawasonkhera nkhuni za m'nkhalango momwemo.

Magetsi sanasowe m'dzikomo. Pa mathithi pomwepo panamangidwa nyumba yopangira magetsi mu 1938, ndipo damu la Kariba linayamba kupereka magetsi kumapeto kwa 1959. Maiko oyandikana anapacikadi nthambo pa njanji zao. South Africa inayamba ku Natal m'zaka za m'ma 1920. Ku Katanga, kumene migodi ya mkuwa inafuna sitima zolemera, anapacika nthambo za mavolti 25,000 mu 1952. Ndipo Zimbabwe inatero mu 1983 pakati pa Harare ndi Dabuka, pafupi ndi Gweru, ngakhale kuti pambuyo pace, nthambo zitabedwa, sitima za magetsizo zinaima. Koma pakati pa Livingstone ndi migodi ya ku Copperbelt nthambo sizinapacikidwe konse. Kupacika nthambo kudya ndalama zambiri poyamba, ndipo kupindula pokha-pokha pamene sitima zicuruka usana ndi usiku.

Cimene cinazimitsa moto wa mainjini m'Zambia ndico mafuta. Mu 1967 njanji ya Rhodesia Railways inagawidwa, nipabadwa Zambia Railways. Malasha a Wankie anali tsopano tsidya lina la malire obvuta, popeza boma la Ian Smith linali litadzilengeza lodziimira mu 1965, ndipo Zambia inatembenukira ku mainjini a dizilo. Injini ya nthunzi kuno sinaletsedwe ndi mzera. Inangokankhidwira pambali pang'ono-pang'ono, ndipo ku Mulobezi okalamba aja anakokabe matabwa kufikira zaka zoyamba za m'ma 1970, England atazimitsa kale moto wace.

Imodzi ya mainjini a ku Mulobezi inayenda ulendo wodabwitsa. Inapangidwa ku Glasgow mu 1896 ndi a Sharp, Stewart, nitumikira ku South Africa, nitsiriza nchito yace m'nkhalango za mkusi iri ndi nambala 993. David Shepherd, mmisiri wojambula zithunzi za nyama amene anali kukondanso sitima, anaipulumutsa napita nayo ku England m'zaka za m'ma 1970, ndipo pambuyo pace inaperekedwa ku National Railway Museum. Inabwerera kwao itakalamba, m'dziko limene mainjini ocepa zaka koposa iyo anali ataphwanyidwa kale.

Pali zinthu ziwiri zimene mphunzitsi angatenge m'mbiri imeneyi. Coyamba ncakuti zakale sizilembedwa m'mabuku mokha: nambala, kambale ka citsulo, ngakhale cizindikiro cosowa, zonse zicitira umboni kwa mwana amene waphunzitsidwa kufunsa. Caciwiri ncoposa. Ana ambiri a m'midzi adzakula ndi kupita kumizinda, ena ku Johannesburg kumene nthambo ziri pamwamba pa njanji, ndipo ngakhale kwao mizati ya magetsi irinkufika pa masukulu ndi zipatala. Wosonkha moto wa ku Crewe anali munthu wodziwa nchito yace, koma nzeru zace zakale sizikadampulumutsa akadapanda kuphunzira cizindikiro catsopano. Mwana amene adziwa tanthauzo la cithunzi ca mphezi pa mzati, nadziwanso kuti magetsi amphamvu alumpha osakhudzidwa, waphunzira phunziro limene tsiku lina lingasunge moyo wace.