Linga la Kwa Mwape ndi Ndodo za ku Philippines

Ambiri a ife tinaona arnis koyamba mu filimu ya Bruce Lee ya Game of Death, pomwe Dan Inosanto akuzunguza ndodo ziwiri mofulumira. Ku Philippines masewerawa amawatchulanso kuti eskrima kapena kali, ndipo mu 2009 boma lawo linakhazikitsa lamulo loti arnis ndiwo masewera omenyana a dziko lonse. Koma chiyambi chake si masewera. Kwa zaka mazana, mabwato ankhondo ochokera kum'mwera, ku Mindanao ndi Sulu, ankatsikira midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Visayas ndi Luzon kukagwira anthu ukapolo. Asilikali a Spain anali ochepa, choncho asodzi ndi alimi anayenera kudziteteza okha ndi zikwanje zawo. Ku Boljoon, pachilumba cha Cebu, wansembe Julián Bermejo anamangitsa nsanja zolondera m'mbali mwa nyanja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo olemba mbiri ena a ku Cebu amati eskrima inakulira m'midzi yotereyi.

Ife nyanja tilibe, koma tili ndi Luangwa, ndipo mtsinjewu unabweretsa tsoka lomwelo.

Dziko la Ansenga ndi Aambo, la mafumu monga Mwape, Ndake, Nyalugwe ndi Luembe ku Nyimba, komanso Kalindawalo ku Petauke, linapanikizidwa mbali ziwiri. Mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linachita kadamsana, Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asanapitirire kumpoto. Patapita zaka, mwana wake Mpezeni anabwerera nakhazikika kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Kum'mwera kunali Achikunda, omwe poyamba anali akapolo ankhondo a m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ku Zambezi. Atsogoleri awo monga Kanyemba ndi Matakenya ankatumiza magulu kuchokera cha ku Zumbo kukwera ndi Luangwa, kufuna minyanga ya njovu ndi anthu. Angoni ankabwera ndi mkondo waufupi ndi chishango cha chikopa cha ng'ombe. Achikunda ankabwera ndi mfuti.

Yankho la mudzi linali linga. Anthu ankasiya kukhala motalikirana, nasonkhana kwa mfumu yamphamvu, nazinga mudzi wonse ndi mitengo yokumbira pansi yothinana, kwina kuwonjezera minga kapena dothi. Khomo linali lopanikiza kuti adani asalowe ambiri nthawi imodzi. Nkhokwe zinkakhala mkati, ndipo linga labwino linkamangidwa pafupi ndi madzi, popeza mdani wanzeru sankathyola mpanda, ankangodikira ludzu. Kuseri kwa mitengoyo mlenje wa uta ndi mivi yopaka ulembe anali woopsa kuposa munthu wa mkondo, chifukwa mkondo wa Mngoni umafuna kuti afike pafupi. Mfuti ya gogodela nayo imatenga nthawi kuithira onga. Koma linga linali ndi mtengo wake. Munda wakutali sunkalimika, anthu ndi ziweto ankathithikana malo amodzi, ndipo njala ndi matenda zinkapha amene mkondo unawaphonya. Mwa njira, mawu akuti aringa, amene Apwitikizi ankatchulira malinga a ku Zambezi monga la Bonga ku Massangano, mukawamva bwino ndi linga lathu lomweli. Achikunda nawonso ankakhala m'malinga. Mpanda sunkasankha wabwino ndi woipa.

M'nthawi imeneyi ndi m'mene dzina la Mwape linamveka. Anali mfumu yachikazi ya m'zaka za m'ma 1800 imene inatsogolera anthu ake pomenyana ndi Achikunda m'chigwa cha Luangwa. A Women's History Museum of Zambia, imene anayambitsa Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe, anamuika m'gulu la nkhani zawo za Leading Ladies monga mkulu wa asilikali. Kwa anthu otsata mtundu wa kuchikazi ngati Ansenga, mkazi pampando sichinali chachilendo. Chotidabwitsa n'chakuti ambiri a ife timadutsa pa Nyimba pa Great East Road, kugula nthochi pawindo la basi, osadziwa kuti ufumu wa Mwape ulipo mpaka lero m'boma lomwelo.

Nanga n'chifukwa chiyani ife tilibe arnis yathu? Tikuganiza kuti luso la wodziteteza silinapeze bwalo loonetsera. Mu Januwale 1898 asilikali a Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni, mwana wake Nsingo anaphedwa, ndipo nkhondo za m'midzi zinatha. Malinga anaola, anthu anabalalikanso kutsata minda, uta unangotsala wa ulenje. Nc'wala inaletsedwa, koma itabwezeretsedwa mu 1980, chishango ndi chibonga zinabwerera pabwalo la Mtenguleni kudzera m'gule wa ingoma. Choncho chida chimene timaonera pa TV mwezi wa Febuluwale uliwonse ndi cha amene ankaukira linga, osati cha amene anali mkati mwake.

Ansenga anatsala ndi china. Angoni anakwatira akazi ambiri Achinsenga, ana anakula akulankhula chilankhulo cha amayi awo, ndipo lero Mngoni wa kwa Mpezeni akamacheza pakhomo pake amalankhula Chinsenga. Chingoni chenicheni chinatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu otamanda mfumu.