Misasa ya Ayuda ndi tuwimba twa kwathu

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la ku Nyimba limatentha ngati moto wa m'ng'anjo ya njerwa. Minda imakhala italambulidwa, nkhokwe zitayamba kutsika, ndipo aliyense maso amakhala kumwamba kudikira mvula. Ndi nyengo imene Ansenga amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo ku Petauke pa mwambo wa Tuwimba. Dzinali limacokera ku tinyumba ta nsembe timene makolo anali kumanga ndi mitengo ndi udzu, pothokoza cifukwa ca zokolola ndi kupempha mvula.

Nyengo yomweyi, mu Seputembala kapena Okutobala, Ayuda amacita Sukkot, imene Baibulo pa Levitiko 23 limaicha Phwando la Misasa. Banja limamanga msasa panja, denga lake la nthambi, n'kumadyeramo masiku 7 pokumbukira zaka 40 zimene makolo awo anayenda m'cipululu. Phwando likatha, nawonso amapempherera mvula. Koma asanazike mtengo woyamba amadutsa m'masiku odzifunsa. Kucokera pa Rosh Hashanah, caka cawo catsopano, kufikira pa Yom Kippur pali masiku 10 oti munthu apite kwa amene anamulakwira kukapepesa. Amayamba kukonza mtima, msasa umabwera pambuyo.

Zimenezi zinali kucitika muno m'Zambia. Ayuda anayamba kufika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ambiri kucokera ku Lithuania ndi Latvia. Elie ndi Harry Susman anayamba ndi malonda a ng'ombe ku Barotseland. M'zaka za m'ma 1950 Ayuda analipo pafupifupi 1,000, ndipo anali ndi masunagoge ku Livingstone, Lusaka, Ndola ndi Kitwe. Mmodzi wa iwo, a Simon Zukas, anafika ali mnyamata mu 1938, anathamangitsidwa ndi atsamunda mu 1952 cifukwa cokana Federation, ndipo anabwerera dziko litamasuka.

Kenaka ana anapita kukaphunzira kunja, ambiri osabweranso. Lero otsala ndi ocepa kwambiri, ndipo sunagoge wa ku Livingstone anasanduka chalichi. Palibe boma limene linatseka citseko cake. Anangosowa omanga misasa.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife amene tinaoloka mlatho wa Luangwa n'kukhazikika ku Mtendere, Kanyama kapena Chawama. Ambiri timafika ku Tuwimba tsiku lenileni, titagula nthoci pa Nyimba, foni m'manja. Timajambula magule, madzulo n'kukwera basi. Amene anadula mitengo, kumweta udzu ndi kufulula mowa ndi ambuya athu, ndipo caka ciliconse amacepa. Mbiri yakuti Ansenga anacokera ku Kola, m'dziko la Aluba, imakambidwa bwino pamene manja akugwira nchito, osati pa cisasa ca alendo olemekezeka.

Munthu amakula pokonzekera phwando. Ndi pamene umaphunzira kumanga luzi, kumva Cinsenga ceniceni, ndi kukhala pansi ndi amalume amene munayambana nawo za munda. Caka cino tiyeni tifike mlungu umodzi mwambo usanayambe. Tinyamule nkhwangwa, tifunse akulu dzina la mtengo uliwonse, ndipo amene tili naye mlandu timuonere kumaso mvula isanagwe.