Gogodela inkaphonya, koma inabalalitsa midzi

Akuba akavuta mu komboni, achinyamata ena amayamba kulota zokhala ndi pisitolo yawoyawo. Mkangano wake umadziwika: ndi iti imalasa bwino pa chandamale, ndipo imafika patali bwanji? Mbiri ya kuno ku Rufunsa ili ndi yankho lake, ngakhale kuti silikoma.

M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, dera lapakati pa mitsinje ya Zambezi, Luangwa ndi Lunsemfwa linkanjenjemera ndi Achikunda. Makolo awo anali akapolo onyamula zida m'minda ya Apwitikizi chakumunsi kwa Zambezi, koma pambuyo pake anayamba kudzilamulira. Atsogoleri awo monga Kanyemba ndi Matakenya ankachita mphamvu kufupi ndi Zumbo ndi Feira, imene lero timaitcha Luangwa boma. Kuchokera kumeneko ankalowa m'midzi ya Ansenga, Asoli ndi Alala kufuna minyanga ya njovu ndi akapolo.

Mfuti imene ambiri a iwo ankanyamula inali gogodela. Mpope wake unali wosalala mkati, wopanda mizere yozungulitsa chipolopolo monga mfuti zamakono. Munthu ankathira wonga kukamwa kwa mfuti, n'kuponyamo chipolopolo, n'kugogoda ndi kachitsulo. Chipolopolo chinkatuluka chikugwedera, moti kulasa munthu ali pa mamita 100 unali mwayi chabe. Mvula ikanyowetsa wonga, mfuti inkasanduka ndodo. Alenje a njovu ankachita kukwawa mpaka pafupi penipeni asanaombe.

Nanga mfuti yophonya chonchi inabalalitsa bwanji midzi? Achikunda ankabwera ambiri, mwadzidzidzi, ali ndi mtsogoleri mmodzi. Anali ndi malinga othawiramo komanso njira yopezera wonga kuchokera ku Tete. Kulira kwa mfuti ndi utsi zinkagwira theka la ntchito. Anthu akayamba kuthawa, zolasa pa chandamale zinalibenso ntchito.

Mafumu ena anaona kuti chanzeru n'kugula mfuti zawo kuti ateteze anthu awo. Apa mpamene panali msampha. Mtengo wa mfuti ndi wonga unali minyanga kapena munthu. Wonga ukatha, ankafunika wina, ndipo wolipirira anali mwana wa mudzi woyandikana. Mfuti yogulidwa kuti iteteze inkadyetsa malonda omwe aja inkafuna kuletsa.

Mu 1890 maiko a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti mfuti zamakono zisamagulitsidwe kwa anthu a mbali yaikulu ya Africa, koma zamtundu wa gogodela anazisiya. Iwo anasunga Maxim. Mu January 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo mwana wake Nsingo anaphedwa mwezi wotsatira. Wolemba mbiri Giacomo Macola, m'buku lake la 2016, akuonetsa kuti Angoniwa ankanyoza mfuti, n'kumalemekeza mkondo ndi kumenyana pafupi. Maxim sinafunikire katswiri wolasa munthu mmodzimmodzi, inkangokhuthula zipolopolo.

Tibwere pa pisitolo ya lero. Mu 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City ku America, Dennis Tueller, anaonetsa kuti munthu wa mpeni atha kuthamanga mamita pafupifupi 6 m'sekondi imodzi ndi theka. Pa mtunda wotere pisitolo iliyonse yabwinobwino imalasa kuposa mmene dzanja lonjenjemera lingathere. Chimene chimaphonya ndi munthu: mantha, mdima, tulo, mowa. Ndipo chipolopolo chophonya sichibwerera. Ku Kanyama kapena ku Chawama, kuseri kwa chipupa kumagona ana a neba.

Lamulo lathu la mfuti, Firearms Act, Chaputala 110, limafuna laisensi, ndipo kusunga mfuti popanda pepalalo ndi mlandu. Gogodela nayo sinafe. Oyang'anira nyama amailandabe m'madera osungirako nyama.

Agogo a kwa Mphanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta akanamva mkangano wathu wa chandamale, akanafunsa zina: mfutiyo mwaigula ndi chiyani, mukugona muisunga kuti, ndipo ikalira usiku, kuseri kwa wakubayo kuli mwana wa yani?