Moses wa ku Nisibis ndi Mabuku a m'Cipululu

Kale, makina osindikizira asanapangidwe, buku lililonse linkalembedwa ndi dzanja, kawirikawiri pa zikopa, ndipo mlembi ankatha miyezi yambiri pa buku limodzi. Akristu a ku Edessa, mzinda umene lero uli m'dziko la Turkey, ankalemba Malembo Opatulika m'Cisiriya, cinenero ca mtundu umodzi ndi Ciaramu cimene Ambuye Yesu analankhula. Baibulo lao linachedwa Peshitta, ndiko kunena "losavuta". Nkhondo, moto ndi cinyontho zinaononga mabuku ao oculuka, koma ena akalekale anapulumuka cifukwa ca khama la munthu mmodzi.

Munthuyo ndiye Moses wa ku Nisibis, mkulu wa nyumba ya amonke olankhula Cisiriya yochedwa Deir al-Surian, m'cipululu ca Wadi al-Natrun ku Egypt. Boma litalamula kuti amonkenso azikhoma msonkho, iye ananyamuka m'caka ca 927 kukadandaula kwa Kalifa, mfumu ya Asilamu, ku Baghdad, ndipo mlanduwo unamkomera. Ulendowo unatenga zaka zisanu, koma Moses sanazitaye pacabe. Anayendayenda m'mizinda ya Mesopotamia, nagula mabuku ena, nalandira ena ngati mphatso. Pobwerera m'caka ca 932 anadza ndi mabuku 250, ena a iwo okhala kale ndi zaka mazana angapo. Popeza m'cipululumo mvula sigwa kawirikawiri, zikopazo sizinaole.

Patapita zaka mazana ambiri, amonke odziwa Cisiriya anatha m'nyumbamo, ndipo mabukuwo anatsala opanda owawerenga. Pamenepo alendo a ku Ulaya anayamba kudzawafuna. M'caka ca 1707 Elias Assemani anatengako ena kunka nao ku Vatican. Ngalawa yake inamira mu Nile, ndipo mabukuwo anacita kuwavuula m'madzi. Henry Tattam anagula ena ambiri m'zaka za 1839 ndi 1842, amene tsopano ali ku British Library mu London. Pakati pa mabuku a ku Londonwo pali Genesis ndi Eksodo olembedwa ku Amid m'caka ca 464, limodzi la mabuku a Baibulo akale kopambana oonetsa caka cimene analembedwa. Palinso Mauthenga Abwino a Cisiriya coyambirira, otsogolera Peshitta, amene William Cureton anawasindikiza m'caka ca 1858. Ndi mabuku otere akatswiri amayesa mau a Baibulo, kuti aone m'mene alembi anawasungira ndi pamene anaphonya.

Nyumba ya amonke inataya cuma cake cambiri, ngakhale mabuku ena akadali komweko kufikira lero. Za msonkho uja zinaiwalika, koma dzina la Moses liwerengedwabe m'mabuku amene iye analembamo mau onena za ulendo wake. Mphunzitsi wosonkhanitsa mabuku a sukulu yake, nawaika pouma pamene ciswe sicifika, agwira nchito yomweyo, cifukwa sadziwa amene adzawatsegula iye atapita.