Kukwera Sapitwa Kudzera pa Mpata wa Fort Lister

Mwa anthu onse amene amafika pansonga ya Sapitwa, pa phiri la Mulanje, chaka ndi chaka, kaya ndi ana a sukulu kaya ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, ochuluka amayambira ulendo wawo pa Likhubula, pamene pali msewu wabwino, nyumba zogona alendo, ndi Dziwe la Nkhalamba limene mbiri yake inawanda ponseponse. Koma alipo ena owerengeka amene amazungulira phirilo kufikira ku Phalombe, nalowera pa mpata umene uli pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndipo iwowa, ngakhale ulendo wawo uli wautali ndi wolemetsa, amadutsa m'dziko limene linaona zinthu zazikulu ndi zowawa kuposa mbali ina iliyonse ya phirili.

Mpata umenewu sunali wa zii m'masiku a makolo athu monga ulili lero. Pakuti m'zaka za m'ma 1800, pamene malonda a minyanga ya njovu ndi a anthu anafika pachimake, amalonda ochokera ku Shire ndi ku chigwa cha Chilwa, pofuna kutulukira kunyanja yamchere ku Quelimane, analibe khomo lina lapafupi loposa limeneli, popeza phiri silidumphika ndipo kulizungulira lonse kunali kutaya masiku. Chotero pamalo pamene lero pali minda ya chimanga ndi nandolo panadutsa amuna a goli m'khosi, akazi obereka makanda, ndi ana amene sanaonenso kwawo. Amang'anja, amene anali eni nthaka, ndiwo anamva mkwapulo koposa. Ndipo mafumu ena amphamvu amene anakhazikika m'tsinde mwa phiri, monga Matipwiri ndi Mkanda, analemera ndi malondawo nasonkhanitsa mfuti. Sitinena izi kuti titose mtundu wa munthu aliyense, pakuti ogula anali kugombe ndi kutsidya, ndipo zidzukulu za ogwidwa ndi za ogwira zinakwatirana kalekale. Tinena chifukwa mapazi a anthu aja ayenera kukumbukiridwa ndi yense wodutsapo.

M'chaka cha 1893 boma la atsamunda, pansi pa Harry Johnston, linamanga malinga awiri kuti litseke njira za malondawo: Fort Anderson mbali ina ya phiri, ndi Fort Lister pampata penipeni. Munaikidwa asilikali, ena mwa iwo Asikh ochokera ku India, ndipo patapita zaka zowerengeka mphamvu za mafumu aja zinathyoledwa. Kuti atsamundawo anali ndi zolinga zawozawo, za malo, msonkho ndi thangata, palibe angakane; komabe goli linaleka kudutsa pampatapo, ndipo linga litatha ntchito yake linasiyidwa. Chatsala lero ndi zipupa zakugwa ndi manda m'tchire.

Nanga njira zokwera pamwamba anazilambula ndani? Alenje ndi ofuna mankhwala anayamba, koma amene anazipondaponda kufikira zitaoneka ndiwo anthu a matabwa. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera, anakwera phirili nakapeza nkhalango za mkungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe sichiudya, umene akatswiri anautcha Widdringtonia whytei pokumbukira iyeyo. Ndipo mbiri yake itamveka, aliyense womanga nyumba ya boma, tchalitchi kapena nyumba ya pa esiteti ya tiyi anafuna denga ndi zitseko za mkungudza. Ocheka anali kukwera ndi sowo lalitali, nakumba dzenje, nagoneka chipika pamwamba pake, wina naima pachipikapo ndi mnzake pansi, utuchi uli kumgwera m'maso ndi m'tsitsi kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Thabwa likatha, wonyamula anali kupinda nkhata ya udzu, nalisenza pamutu, natsika nalo opanda nsapato pamiyala yoterera, akuthamanga pang'onopang'ono kuti thabwalo lizinjanja molingana ndi mapazi ake, popeza kuima nalo pamalo otsetsereka kunali koopsa kuposa kuyenda. Masitepe amene mlendo wa lero amapondapo, napuma wefuwefu chonsecho katundu wake wamunyamulira wina, anakumbika ndi zala za kumapazi za anthu amenewo, amene maina awo sanalembedwe m'buku lililonse.

Boma linalengeza phirili kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo tinyumba timene anyakwawa a zankhalango anamanga pamwamba kuti azigonamo poyendera mitengo ndito tinasanduka malo ogona okwera phiri, makamaka bungwe la okwera phiri, limene lero litchedwa Mountain Club of Malawi, litakhazikitsidwa mu 1952. Amtengatenga a kale, amene ankasenza mabokosi a azungu, ana awo ndi adzukulu awo ndiwo lero atsogoleri a alendo ndi onyamula zikwama, ali ndi bungwe lawo ndi mitengo yawo yoikika. Koma mkungudzawo, umene mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu, sitinausunge. Moto wa alenje, nkhwangwa za usiku ndi ziphuphu za masana zinaumaliza, kotero kuti ofufuza a mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ife tinagwadi. Mbande zimene zikubzalidwa tsopano zidzapatsa mthunzi adzukulu athu ngati tizitchinjiriza ku moto.

Wolowera pa Fort Lister amakwera tsiku loyamba kufikira kanyumba ka Sombani, pansi pa nsonga ya Namasile, kumene mlonda amamulandira ndi nkhuni ndi ndowa ya madzi ozizira a mumtsinje. Kuchoka apo njira imadzera ku Chinzama ndi ku Thuchila, m'madambo a udzu waufupi ndi m'timitsinje toyera mbee, ndipo munthu akhoza kuyenda kuyambira m'mawa kufikira madzulo osakumana ndi wina koma khungubwe wa khosi loyera. Kenaka amafika ku Chisepo, kumene njira yake imakumana ndi ya ochokera ku Likhubula, ndipo onse amagona pamodzi kudikira m'bandakucha. Chigawo chotsiriza n'chimodzi kwa onse: matanthwe osalala okwera ndi manja ndi mapazi, zizindikiro za utoto wofiira pamiyala, ndi mipata yothina imene munthu wamkulu amakwawamo chafufumimba, kufikira ataima pachipilala cha pamwamba, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, naona Chilwa kumpoto ndi mapiri a Mozambique kum'mawa. Kusiyana kwake n'kwakuti amene wayenda masiku atatu pamwamba, thupi lake lazolowera mphepo ndi kuzizira, ndipo maso ake aphunzira kuwerenga mitambo; pakuti chiperoni, nkhungu ija yochokera ku Mozambique m'miyezi yozizira, chimatha kuphimba phiri m'kanthawi kochepa, ndipo chasokeretsa ndi kupha anthu amene anakwera okha podalira nzeru zawo. Safunsa anadya phula.

Mtsogoleri wa mbali imeneyi, mukakhala naye pamoto usiku, adzakuuzani malamulo amene anamva kwa agogo ake: kuti phiri lili ndi eni ake osaoneka, kuti simuyenera kulankhula zachipongwe kapena kuloza mwamwano, ndi kuti mukapeza chakudya chokonzeka panjira mudye nokha osaitana mnzanu kapena kutengako. Ophunzira ena amaseka zimenezi, koma ine ndiona kuti malamulo amene anaphunzitsa anthu kuyenda m'phiri mofatsa ndi mwamantha anateteza nkhalango zaka mazana, pamene malamulo olembedwa analephera m'zaka makumi owerengeka. Ndiponso UNESCO, polemba Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, inatchula kupatulika kwa phirili pakati pa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe.

Bata la njira imeneyi, limene mlendo amalikonda, kwa eni dera ndi umphawi, pakuti anyamata a kumeneko amatha masabata osaona mlendo pamene anzawo a pa Likhubula akusinthana maulendo. Ndipo ndi anthu omwewa amene napolo wa ku Michesi anawakokolola mu Malichi 1991, namondwe Freddy nawabwereza mu 2023. Chifukwa chake, inu amene mukonzekera kukwera Sapitwa, makamaka aphunzitsi otsogolera ana a sukulu, patulani masiku anayi kapena asanu m'nyengo yopanda mvula, mulowere ku Phalombe, mutenge mtsogoleri ndi onyamula katundu a komweko ndi kuwalipira mosanyinyirika, ndipo musanayambe chitunda muwapemphe akuonetseni zipupa za linga lija, kuti anawo amve ndi makutu awo za anthu amene anadutsa pampatapo.