Khomo Limene Nyimbo Idzera: Oimba a Dzana ndi Oimba a Lero

Pali mkangano wina umene sukalamba m'dziko la Malaŵi. Akuluakulu amati nyimbo zidatha kale, ndipo zimene zatsala ndi phokoso lobwereka kwa eni ake a ku Nigeria ndi ku South Africa. Anyamata ndi asungwana nawo amati nyimbo za makolo awo nzogonetsa tulo. Mbali zonse ziŵiri zimalankhula ngati kusiyana kwake kuli m'mitima ya oimba, ngati akale adali anthu osunga mwambo ndipo a lero ndi ana oloŵerera. Koma munthu akatsata mbiri mwachifatse apeza kuti chimene chasintha koposa ndi njira imene nyimbo imadzera pochoka pakamwa pa woimba kukafika m'khutu la womvera, ndipo njirayo ndiyo yakhala ikuumba nyimbo pa mbadwo uliwonse.

Mlandu wa kubwereka uyambe waweruzidwa, pakuti ndiwo umatchulidwa kaŵirikaŵiri. Gitala ndi banjo sizidamere m'nthaka ya kuno ai. Zidabwera m'mitolo ya asilikali obwerera kwawo nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ndiponso m'masutikesi a amuna ochokera ku migodi ya ku Johannesburg, kumene anthu ankangoti ku Joni, ndi ku ntchito za ku Salisbury ndi ku Copperbelt. Munthu wobwera ku Wenela ankatsika basi ali ndi bulangete, njinga, ndipo mwina galamafoni yopukusa ndi mbale zake zingapo. Mbalezo zinkalira pa ukwati ndi pa moŵa mpaka kutheratu mizere, ndipo anyamata a m'mudzi, posoŵa ndalama zogulira zida, ankasema banjo zawozawo ndi chitini cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi waya wa mabuleki a njinga. Akulu a nthaŵi imeneyo sadakondwere nazo. Kwa ambiri a iwo, mnyamata woyenda ndi gitala kumsana adali chidakwa chamaŵa, munthu wosayenera kumpatsa mbeta.

Wailesi nayo idafika kuchokera kunja. Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka ndiyo inkatumikira anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chidali chimodzi mwa zilankhulo zake. Mu 1949 kudatuluka kawailesi kotsika mtengo koyendera batire, kamene kadatchuka ndi dzina loti Saucepan chifukwa thupi lake lidali ngati sefuliya. Kudzera m'kawailesi kameneka anthu a kuno adadziŵa mau a Alick Nkhata, woimba wa ku Zambia amene adagwirako ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu woyendayenda wojambula nyimbo za mu Africa. Adamvanso rumba ya ku Congo ndi nyimbo za abusa a ng'ombe a ku America. Zonsezi zidaloŵa m'zala za oimba a kuno.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha a Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Banja lawo lidakhalako ku Salisbury iwo ali ana, ndipo kumeneko adamva kwela, nyimbo ya kachitoliro ka lata imene idabadwira m'misewu ya ku Johannesburg. Pamene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo mumzinda wa Blantyre mu 1967, kwela idali itazilala kwa eni ake, koma ku Chileka idali yamoyo ndithu, itasanduka chinthu china. A Daniel ankaimba gitala ya nsambo zisanu m'malo mwa zisanu ndi imodzi, chala chachikulu chikuyendetsa mau apansi ndi chala chamkombaphala chikuyankha pamwamba, kotero kuti womvera ankaganiza kuti akuimba anthu aŵiri. Lero palibe amene angatsutse kuti sinjonjo ya a Kachamba ndi nyimbo ya Chimalaŵi, chikhalirecho mbeu yake idachokera kummwera kwa Limpopo. Akale adanena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ntchito ya eni mudzi ndi kudziŵa pometa. Tsono ngati mnyamata wa lero watenga amapiano ku dziko lomwelo kumene agogo ake adatenga kwela, mlandu wake suli pa kutengako. Funso loyenera kumfunsa nlakuti wachita nacho chiyani chimene watengacho.

Kusiyana kwenikweni kudayamba kuoneka dziko litalandira ufulu mu 1964, chaka chimene Malawi Broadcasting Corporation idakhazikitsidwa. Kwa zaka zoposa makumi atatu, wailesi ya M.B.C. ndiyo idali khomo lalikulu, pafupifupi lokhalo, lodzera nyimbo. Kanema kudalibe kufikira 1999. Makampani odinda mbale kuno sadakhalitse, ndipo nyumba zojambulira nyimbo za anthu wamba zidali zosoŵa. Woimba wofuna kumveka ankayenera kupita ku situdiyo za wailesi mu Blantyre, kapena kudikira galimoto la ojambula limene linkayendera maboma. Akafika, gulu lonse linkaima pamodzi pamaso pa maikolofoni, tepi nkuyamba kuzungulira. Wina akaphonya, nyimbo yonse inkayambidwanso. Mwa ichi gulu linkabwera litaphunzira nyimbo zake kwa miyezi, litaziyesa pa anthu m'misika ndi m'mabwalo a moŵa, litaona pamene ovina amatopa ndi pamene amakuwa. Nyimbo inkafika pa tepi itapsa kale.

Ndimo m'mene adamvekera a Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo, ndi gulu lawo la Chimvu River Jazz Band. Pakati pa zida zawo padali banjo ndi ng'oma zokhoma pamudzi. Ndimonso adadzera a Robert Fumulani ndi Likhubula River, a Morson Phuka, a Michael Yekha, a Stonard Lungu, ndi gulu la wailesiyo la M.B.C. Band pamodzi ndi Chichiri Queens. Popeza wailesi idali imodzi m'dziko, ndipo kaŵirikaŵiri imodzi m'mudzi, nyimbo inkamvedwa ndi gogo, mkamwini, mpongozi ndi mwana atakhala pa khonde limodzi. Woimba ankadziŵa zimenezi. Nchifukwa chake nyimbo za masiku amenewo zidadzala ndi nkhani zokhudza banja lonse: ukwati wosokonekera, ana amasiye, mtchona woiŵala kwawo, nsanje ya pachibale, imfa. Zachikondi zinkanenedwa mozungulira, pakuti palibe amene akadafuna kuchititsa manyazi apongozi pamaso pa mkamwini.

Koma khomo limodzi limakhala ndi mlonda, ndipo apa mpamene okonda kutamanda zakale amafulumira kudutsa. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo m'nthaŵi ya chipani chimodzi mau aliwonse okayikitsa akadatha kutsekereza nyimbo, kapena mwini wake amene. Ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa, pachifukwa chakuti dzinalo lidali la Mayi Cecilia Kadzamira. Magulu ambiri ankaonetsetsa kuti ali ndi nyimbo yotamanda Ngwazi Dr. Kamuzu Banda, kufuna kwawo kapena ai. Luso lophiphiritsa limene anthu amalisirira lero, loimba za fisi kapena za mfiti ya m'mudzi pamene ukunena munthu wina, mbali ina lidakula chifukwa cha mantha. Lidali luso ndithu, koma mtengo wake udali wowawa, ndipo nyimbo zimene sizidaimbidwe konse palibe angaziŵerenge.

Chidatsegula khomo lachiŵiri ndi kaseti. Ku Balaka, gulu la Alleluya Band lidayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, lotsogozedwa ndi a Paul Banda, amene pambuyo pake adakhala ndi situdiyo yojambulira oimba ena. Kumeneko kudabadwa kaimbidwe kotsamira pa reggae wa ku Jamaica ndi nyimbo za m'tchalitchi, koyendera kiyibodi, kamene anthu adangokatcha dzina la boma lomwelo. Nthaŵi yake idakomana ndi ya kusintha kwa ndale: kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992, riferendamu ya mu Juni 1993, ndi chisankho cha mu Meyi 1994. A Lucius Banda, mng'ono wa a Paul, adaimba poyera za mabala a ulamuliro wakale, zinthu zimene zaka zisanu m'mbuyomo munthu sakadazinong'ona nkomwe. Kaseti sinkadikira chilolezo cha wailesi. Inkagulidwa kwa O.G. Issa ku Limbe ndi kwa ogulitsa m'misewu, nkumalira m'minibasi ndi m'magolosale. Kwa kanthaŵi, woimba wotchuka adatha kumanga nyumba ndi ndalama za nyimbo zake. Ufuluwo sudali wathunthu: a Evison Matafale, amene adayambitsa Black Missionaries ku Chileka konkuja, adamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma.

Tiyenera kukumbukira kuti akulu a m'zaka za m'ma 1990 adanyozanso nyimbo za ku Balaka, nati kiyibodi yapha gitala ndipo nyimbo zonse zikufanana. Ana amene ankavina nyimbozo ndiwo akulu a lero, amene akuzitcha nyimbo zenizeni.

Lero makomo ngosaŵerengeka. Nyumba za wailesi zidachuluka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kenaka kudabwera makanema, ndipo potsiriza foni ya m'manja idasandutsa munthu aliyense kukhala mwini wailesi yake. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale safunikanso gulu. Amapita kwa wojambula amene ali ndi kompyuta m'kachipinda, nasankha kugunda kopangidwa kale, naika mau ake mzere ndi mzere, ndipo pophonya makina amawongola. Dzuŵa lisanaloŵe nyimbo ili pa WhatsApp ndi pa YouTube. Palibe mlonda woifunsa kumene ikupita. Koma palibenso amene ali wokakamizidwa kuimva. Womvera wakale ankadikira nyimbo kuti ithe chifukwa kudalibe kwina kopita. Wa lero chala chili chire pa foni, ndipo nyimbo ikapanda kumgwira poyambirira pomwe, wadumpha. Nchifukwa chake nyimbo za lero nzazifupi, zofulumira kufika pa kolasi, zokhala ndi kachigawo koti anthu avinire pa TikTok. Nchifukwa chakenso zimalankhula ndi mbadwo umodzi, m'Chicheŵa cha m'tauni chosakaniza ndi Chingerezi, popeza womvera ali yekha ndi timawaya m'makutu, apongozi ali kutali.

Pali zimene zatayika, ndipo nkosayenera kuzibisa. Oimba odziŵa kugwira chida ndi manja achepa poyerekeza ndi chiŵerengero cha otulutsa nyimbo, ndipo ena amene amamveka bwino pa foni amasoŵa mtengo wogwira akaima pa nsanja ndi gulu lamoyo. Kwachepanso nyimbo zimene dziko lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, limadziŵa pamodzi. Koma kunena kuti a lero alibe uthenga nkusamvetsera. Ulova, kukwera mitengo kwa zinthu, ngongole ndi ziphuphu zili m'nyimbo za achinyamata, ndipo zimatchulidwa ndi maina ake, mopanda kubisala kumbuyo kwa fisi. Ndiponso poyerekeza pamakhala chinyengo china: nyimbo zakale zimene zikukumbukika ndi zimene zidapulumuka pa lichero la zaka, mankhusu ake adauluka kalekale, pamene za lero tikuzimva zosapeta.

Kaimbidwe kakale nako sikadafe. Madalitso Band, anyamata aŵiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinai ndi babatoni wa nsambo imodzi, adakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo ayenda m'maiko ambiri a ku Ulaya. Chimbale cha akaidi a ku ndende ya Zomba chidaloŵa m'gulu lopikisana pa mphotho ya Grammy ya 2016.

Chinthu chimodzi chokha chakana kusintha, ndicho thumba la woimba. M'masiku a tepi woimba ankalandira kangachepe pa tsiku lojambula, nyimbo nkumalira zaka ndi zaka. A Daniel Kachamba adamwalira mu 1987, a Namoko mu 1995, ndipo kutchuka kwawo sikudawasiyire chuma. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito zaluso, lidayamba ntchito mu 1992, koma patapita zaka malonda a makaseti ndi ma CD adagwa chifukwa cha okopera, amene amadzaza nyimbo mazanamazana m'kamemori khadi pa mtengo wosakwana wa chimbale chimodzi. Woimba wa lero amadalira zoimbaimba za pa nsanja ndi makampani ofuna nkhope yake pa malonda. Nyimbo yeniyeniyo yasanduka chikwangwani choitanira anthu.

Nkhani ya a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, ikuonetsa nyengo zonsezi m'moyo wa munthu mmodzi. Adayamba kuimba m'masiku a banjo zosema pamudzi, adamveka pa wailesi ya khomo limodzi, adaona kaseti ikubwera nkupita. Mu 2020, ali ndi zaka 90, adakhala pansi ndi woimba wachinyamata, Patience Namadingo, naimbanso pamodzi nyimbo zawo zakale. Kachigawo ka nyimbo ya Linny Hoo kadafalikira pa TikTok, ndipo anthu mamiliyoni a m'maiko akutali, osadziŵa liu ndi limodzi lomwe la Chicheŵa, adakamvera ndi kukavinira. Atolankhani akunja atapita kukacheza nawo kumudzi kumayambiriro kwa 2022, adapeza kuti mkuluyo adalibe foni yoonerapo zimenezo, ndipo za kutchuka kwawo kwatsopano adachita kuuzidwa ndi achinyamata.