Misozi ya ku Enfield mu 1741



Lachisanu lapitali titatuluka m'mapemphero a ana asukulu, mnyamata wina wa Folomu 3 anandipeza pakhonde. Mlaliki wa tsikulo anakamba za moto wa gehena, ndipo ana angapo analira mpaka kugwa pansi. Mnyamatayu sanalire, ndiye ankaopa kuti mwina mtima wake ndi wouma moti sangakhululukidwe. Ine sindine mbusa, ndimangophunzitsa mbiri yakale. Choncho ndinamukambira nkhani imene ndikulemba panoyi.

Pa 8 Julaye 1741, America isanadziimire payokha, mbusa wina dzina lake Jonathan Edwards anaitanidwa kukalalikira m'tauni ya Enfield, imene lero ili mu Connecticut. Inali nthawi ya chitsitsimutso chachikulu. George Whitefield, mlaliki wochokera ku England, anali atadutsa m'maderawo chaka chapitacho, anthu zikwizikwi akumutsatira. Koma Enfield inkadziwika kuti ndi tauni yosagwedezeka.

Ulaliki wa tsikulo umadziwika ndi dzina loti Sinners in the Hands of an Angry God, kutanthauza ochimwa ali m'manja mwa Mulungu wokwiya. Anautenga pa Deuteronomo 32:35, pamene pakukamba za phazi loterereka. Mfundo yake inali imodzi yokha, ndipo anaibwereza m'njira zambiri: munthu wosalapa sanagwere m'gehena kufikira lero, osati chifukwa cha thanzi lake kapena nzeru zake, koma chifukwa Mulungu akadamugwirabe. Anamufanizira ndi kangaude wolendewera pa ulusi pamwamba pa moto, ndi munthu woyenda pa chivundikiro chovunda cha dzenje, ndi munthu amene uta wakokedwa kale kulozetsa pamtima pake. Onani kuti sanataye nthawi yambiri kufotokoza mmene motowo umaotchera. Chimene anafuna kuti anthu achimve ndi kufupika kwake, kuti mwina wina m'tchalitchimo safika m'mawa.

Edwards sanali wokuwa. Mawu ake anali ochepa mphamvu, ndipo ankalemba maulaliki ake mosamala ngati mmene timalembera pulani ya phunziro. Koma mbusa wina amene analipo, Stephen Williams, analemba m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku kuti anthu anabuula ndi kufuula kufunsa zoti achite kuti apulumuke, mpaka mlalikiyo analeka asanamalize. Chimandisangalatsa ine n'chakuti ulaliki womwewu anali ataulalikira kale kumpingo wake ku Northampton mwezi wa Juni, ndipo sunasiye mbiri yotere. Mphunzitsi aliyense amazidziwa izi: phunziro limodzi, makalasi awiri, zotsatira zosiyana. Ambiri amaiwalanso kuti chakumapeto kwa ulalikiwo kuli kuitana, kuti khomo la chifundo ndi lotsekula.

Tsono apa ndi pamene ndinkafuna kuti mnyamata uja amvetsetse. Patangopita miyezi iwiri, mu Seputembala 1741, Edwards yemweyo analankhula ku koleji ya Yale kuti kulira, kunjenjemera ndi kukomoka sizitsimikiza kuti Mzimu wagwira ntchito, ndiponso sizitsimikiza kuti sunagwire. Anali ndi chifukwa chochenjezera. Alaliki ena anali atayamba kupyola malire, ndipo mu 1743 James Davenport anafika potsogolera anthu ku New London kuwotcha mabuku a abusa anzake. Mu 1746 Edwards anatulutsa buku lonse, Religious Affections, lofufuza funso lomweli. Yankho lake linali lakuti chizindikiro chachikulu cha kulapa ndi makhalidwe a munthu m'zaka zotsatira. Munthu amene analiritsa Enfield ndiye anali patsogolo kukana kuwerenga misozi ngati umboni.

Ndipo anaziona yekha. Mu 1744 anyamata ena a mumpingo wake anagwidwa ndi buku la azamba, akumaligwiritsa ntchito ponyoza atsikana. Edwards anawerenga mayina paguwa, osasiyanitsa olakwa ndi mboni. Ife amene tinawerengapo mayina pa asembule tikudziwa mmene makolo amakwiyira. Kenaka anakana kupitiriza mwambo wa agogo ake, Solomon Stoddard, wolola anthu kudya mgonero asanachitire umboni za kutembenuka mtima. Mu Juni 1750 mpingo umene anautumikira zaka zoposa 20 unamuchotsa. Ambiri mwa anthuwo anali omwe aja a chitsitsimutso. Anapita ku Stockbridge kukalalikira kwa Amwenye a ku America, ndipo anamwalira mu Malichi 1758 atalandira katemera wa nthomba, atangoyamba kumene kutsogolera koleji ya ku Princeton.

Pali chinthu china chimene sindingachidumphe, ngakhale mkuluyu ndimamulemekeza. Mu 1731 Edwards anapita ku Newport, ku Rhode Island, n'kukagula mtsikana wachikuda wotchedwa Venus pa mapaundi 80. Anali wa zaka pafupifupi 14, msinkhu wa ana athu a Folomu 1. Ndipo m'chaka chomwe chija cha 1741, analemba zoikira kumbuyo mbusa mnzake amene anthu a mumpingo wake ankamudzudzula chifukwa chosunga akapolo. Anatsutsa zopitiriza kukagwira anthu ku Africa, koma zosunga kapolo m'nyumba sanazione ngati tchimo lofunika kulapa. Tikamuyeza ndi muyeso wake womwe, wa makhalidwe, apa ndiye panaterereka phazi lake. Ena amati inali nthawi yake. Mwina, koma anthu wamba a mumpingo uja anali a nthawi yomweyo. Mwana wake, Jonathan Edwards wamng'ono, ndiye anadzalalikira poyera motsutsa ukapolo mu 1791.

Mnyamata uja anamvetsera mpaka belu linalira. Za kangaude sanafunsenso. Anangofunsa ngati Venus ankakhala m'tchalitchi pamene mbuye wake akulalikira za chiweruzo, ndipo ngati ankakhalamo, pa benchi liti.